Ndiwo za Lamulungu

Anandilumbirira pa msika wa Ulongwe
mnyamata wa chipewa chong'ambika uja,
atagwira kalulu makutu, miyendo ili lendelende:
"Wamphongo uyu, akulu, taonani kunona."
Ndinawerenga mametikali, ndinamuika m'katoni,
ndinamanga ndi mphira pa kaliyala ya njinga,
mumtima ndikukazinga kale anyezi,
poti apongozi ankachokera ku Domwe Lamulungu.

Lachisanu anayamba kudzizula ubweya wa pachifuwa,
kukamwa kuli tho ndi udzu wouma.
Ine ndinati ndagula matenda.
Kalisto, mwana wanga, anati wapukwa kwawo.

Loweruka mbandakucha, chisanu cha Juni chikuluma zala,
ndinapita kukhola mpeni nditanola kale.
Pangodya, mulu wa ubweya unkapuma.
Ndinavundukula ndi kamtengo:
tinthu tisanu ndi tiwiri, tofiirira, tamaliseche,
maso osatumbula, makutu omatirira kumutu,
tikukwawirana ngati zala za munthu wofunafuna machesi mumdima.
Kena kanali kokha pathabwa,
kozizira ngati sipanala yogona panja.

Mpeni ndinausomeka kudenga.
Kozizira kaja ndinakalowetsa m'malaya, pakhungu penipeni,
ndinakhala pakhonde ngati thadzi lofungatira,
eni njinga zophulika akuliza mabelu kumsewu.
Adikire.
Dzuwa lisanafike pa mtengo wa pichesi
kanandikanda pamtima.

Tsiku lonse make anakhala chofulatira,
akutafuna chisoso
ngati za anawo ndi mlandu wa mudzi wina.
Ndinamukalipira, ine bambo wa ndevu, kukalipira kalulu!
A Jasinta anasuzumira pampanda, thovu la sopo lili m'manja:
"Musiyeni. Amayamwitsa inu muli mtulo,
kamodzi, mwachangu, n'kuchokapo.
Mukaone timimba m'mawa.
Ndipo madzi asamuthere, mwamva?"

M'mawa timimba tinali ndendende,
mkaka ukuonekera mkati mwa khungu.
Ndinaima pamenepo nthawi yaitali.
Ndinakumbuka make Kalisto,
ali ku Moatize ndi matumba a kachewere,
amene amatsika lole pakati pa usiku
n'kubwerera tambala asanalire kachiwiri,
kusiya sopo, makope, mafuta ophikira.
Mawu amene ndinakonzera makolo ake
ndinawameza opanda madzi.

Apongozi anadya nyemba.
Madala anafunsa, akutokosa m'mano mopanda kanthu,
"Nanga nyama tinamva ija?"
Ndinawatengera kuseri.
Anawerama, manja kumbuyo, anawerenga kawiri.
"Thira phulusa kuzungulira miyendo ya kholali.
Linthumbu silidziwa chisoni."

Kuyambira pamenepo ndine wantchito wake.
Ndimathyola kholowa madzulo kuti agone mame asanamugwire,
ndimapempha madeya kuchigayo,
ndatseka mipata ya makoswe ndi zitini zophwanya,
usiku ndimafunditsa khola ndi chiguduli cha feteleza,
ndipo mphaka wa a Jasinta tinadana.
Kalisto amathamanga kuchokera ku sukulu, nsapato zili m'manja,
kudzawerenga ngati masamu asintha.

Anasintha tsiku lachisanu.
Si kozizira kaja ayi, ndi kena, konenepa bwinobwino.
Sindikudziwa chifukwa.
Tinakakwirira pansi pa pichesi, dzenje la supuni zitatu,
make osatembenuka n'komwe,
koma usiku umenewo ndinamumva akuponda thabwa,
du, du, du,
mpaka ndinatuluka ndi tochi.

Lero ndi tsiku lakhumi ndi chimodzi.
Ubweya wamera, tina toyera, tina ta mawanga.
Kamene kanagona pachifuwa panga
katsegula diso limodzi, lina likadali lomata,
kakundiyang'ana ngati ndili nako ngongole.

Mnyamata uja ndinamuona dzulo pamsika.
Anafuna kuthawa.
Ndinamugulira chimanga chootcha,
ndinamuuza kuti wamphongo wake akupereka moni,
pamodzi ndi ana asanu ndi awiri.